Dzanzi limene ndinabisa pamene ndinkalandira paclitaxel

Ndine mphunzitsi wa bayoloje. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikujambula pa bolodi mmene selo limodzi limagawikanira n'kukhala awiri: makromozomu, timaulusi tosunga chibadwa cha munthu, atandandalika pakati, timizere tikuchokera mbali zonse ziwiri n'kuwagwira, kenako n'kuwakokera uku ndi uku. Timizere timeneto dzina lake ndi microtubule. Kenako ine ndemwe ndinadwala khansa, n'kuyamba kulandira mankhwala amene ntchito yake ndi kusokoneza timizere tomweto. Ndikulemba kuti ndifotokoze cholakwa chimodzi chimene ndinachita ndili pa chithandizo, chifukwa mapazi anga akuvutika nacho mpaka lero, ndipo sindikufuna kuti wina achibwereze.

Zinayamba ndi kachotupa kolimba m'bere la kumanzere, chakufupi ndi kukhwapa. Za opaleshoni sindichulutsa, inayenda bwino. Koma atayeza zimene anachotsazo anapeza kuti khansa inali itafika kale m'tizigawo ta m'khwapa, tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabele. Adokotala anati ndilandire kemo, mankhwala opha maselo a khansa, m'magawo awiri. Poyamba doxorubicin ndi cyclophosphamide maulendo anayi, motalikirana masabata atatu. Zikatha zimenezo, paclitaxel kamodzi pa sabata kwa masabata 12.

Tsiku limene namwino anakhala nane pansi kundilangiza, ine ndinkangogwedeza mutu. Mumtima ndinkati zonsezi ndimaphunzitsa. Mankhwala a khansa amagwira maselo amene akugawikana msanga, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, asilikali a m'thupi amachepa. Anatchula za kutentha thupi. Anatchulanso za dzanzi m'zala. Makutu anamva koma mutu sunasunge. Ndikanabwereranso tsiku limenelo, ndikanapita ndi munthu wina woti azilemba zonse, chifukwa munthu amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi khansa samva bwinobwino, ngakhale aoneke wodekha chotani.

Vuto loyamba linadza patatha masiku khumi chilandirireni kemo yachiwiri. Madzulo ndinayamba kumva kuzizira ndi kuphwanya m'thupi. M'nyumba munalibe choyezera kutentha kwa thupi. Ndinamwa paracetamol, n'kufunda mabulangete awiri, n'kunena kuti tiona mawa. Kutacha sindinathe n'kuimirira komwe. Amuna anga anachita kundinyamula mpaka m'galimoto. Kuchipatala thupi linali litatentha kupitirira 39, ndipo atayeza magazi anapeza kuti maselo oyera otchedwa neutrophil atsika kwambiri. Anandigoneka masiku asanu ndikulandira mankhwala opha tizilombo kudzera m'diripi.

Chimene ndinayenera kusunga m'mutu ndi ichi. Maselo oyera amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo kumeneko maselo amagawikana usana ndi usiku, choncho kemo imawagwira. Nthawi zambiri amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 munthu atalandira mankhwala. Pa masiku amenewo thupi limakhala lopanda olilondera, moti tizilombo tikalowa nthawi zambiri sipaoneka mafinya kapena kutupa. Nthawi zina chizindikiro chimene chingaoneke ndi kutentha thupi basi. Choyezera chikaonetsa 38, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Musayambe mwamwa paracetamol musanayeze, chifukwa amatsitsa kutentha n'kubisa ngozi. Ndipo choyezeracho chipezeni musanalandire kemo yoyamba.

Chifukwa cha kudwalako, kemo yachitatu inachedwa ndi masabata awiri. Masabata amenewo ndi amene anandisokoneza maganizo. Ndinkagona chagada n'kumawerengera: selo limodzi likhala awiri, awiri akhala anayi, anayi akhala asanu ndi atatu. Masamu amene ndinkaphunzitsa ana mosangalala anasanduka chondisowetsa tulo. Tsiku lililonse lopanda mankhwala ndinkaliona ngati ndapatsa khansa mpata. Ndiye m'malo mophunzirapo kuti vuto ukalinena msanga limachepa, ndinatolapo phunziro lokhota. Ndinalumbira chamumtima kuti sindidzaperekanso chifukwa choti adokotala aimitsire mankhwala.

Paclitaxel ndinamuyamba ndili ndi lumbiro limenelo. Asanaike diripi yake ankayamba andipatsa dexamethasone ndi mankhwala ena oletsa thupi kudana ndi zachilendo. Namwino anandifotokozera kuti paclitaxel sasungunuka m'madzi, choncho amamusungunulira m'mankhwala ochokera ku mafuta a nsatsi, otchedwa Cremophor EL, ndipo matupi ena amawakana. Tsiku loyamba sanachoke pambali panga. Patangotha mphindi zochepa nkhope inatentha, pachifuwa panathina. Ndinanena, anatseka diripi, zitakhala bwino anaitsegulanso pang'onopang'ono ndipo sizinachitikenso. Taonani, tsiku limenelo ndinanena msanga ndipo zinatha m'mphindi makumi awiri, koma ndinalephera kuona kuti njira yake ndi yomweyo pa zonse.

Poyerekeza ndi mankhwala oyamba aja, awa ankaoneka opepuka. Nseru inachepa. Chimene chinkavuta ndi kuwawa kwa mafupa ndi mfundo pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, komanso nsidze zimene zinali zitatsala zinayoyoka. Dexamethasone ankandisowetsa tulo usiku wa tsiku lolandira mankhwala, ndiye ndinkatenga foni n'kumawerenga mbiri ya chinthu chimene chinkalowa m'magazi mwangachi.

Mbiri yake inandigwira mtima. Mu 1962 katswiri wa zomera Arthur Barclay anatola makungwa a mtengo wotchedwa Pacific yew m'nkhalango ya m'chigawo cha Washington ku America, pa ntchito yofufuza zomera zimene zingalimbane ndi khansa. Monroe Wall ndi Mansukh Wani, ku Research Triangle Institute ku North Carolina, anapatula mankhwalawo m'makungwamo ndipo mu 1971 anafalitsa mmene anapangidwira. Komabe panapita zaka anthu asakudziwa kuti amapha bwanji maselo, mpaka mu 1979 pamene Susan Horwitz ndi anzake ku Albert Einstein College of Medicine ku New York anaonetsa kuti amamatirira pa ma microtubule n'kuwaumitsa. Ku America anawavomereza mu 1992, poyamba pa khansa ya m'mabasiketi a mazira a amayi, kenako ya m'mawere. Kuchokera pa khungwa mpaka pa wodwala, zaka 30.

Kuti mumve chifukwa chake kuumitsako kumapha selo, muyenera kudziwa kuti microtubule si ndodo yokhazikika. Ndi kapaipi kakang'ono zedi, kotambalala mananomita 25 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), komangidwa ndi tizidutswa ta puloteni yotchedwa tubulin. Tizidutswato timalumikizika kunsonga kapaipi n'kutalika, kenako mwadzidzidzi timayoyoka kapaipi n'kufupika, n'kuyambanso kutalika. Tim Mitchison ndi Marc Kirschner ndi amene anafotokoza khalidwe limeneli mu 1984. Kusakhazikika kumeneku ndiye ntchito yake. Selo la munthu lili ndi makromozomu 46, ndipo likamagawikana, iliyonse iyenera kugwidwa kuchokera mbali zonse ziwiri. Timapaipi timatalika ndi kufupika ngati dzanja lofufuza mumdima mpaka titagwira. Selo lili ndi mlonda wake amene salola kuti makromozomu apatukane mpaka yomaliza itagwidwa bwino. Tsono mankhwala ena, monga vincristine ndi vinblastine ochokera ku duwa la ku Madagascar lotchedwa Catharanthus roseus, amaletsa timapaipi kumangika. Paclitaxel amachita zosiyana, amatiletsa kuphwasuka. Njira zosiyana, koma zonse zimachititsa kuti selo lilephere kugawa makromozomu ake molongosoka.

Ndinkawerenga zimenezi mosangalala, ngati kuti ndikukonza phunziro. Koma panali chibowo m'chidziwitso changa. Pa zojambula zanga zonse za pa bolodi, ma microtubule ankaoneka pa nthawi yogawikana selo yokha. Ndipo ndinkaphunzitsanso kuti maselo a mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi sagawikana munthu akakula. Ndinalumikiza ziwirizi n'kutsimikiza ndekha kuti mitsempha yanga ili kutali ndi mankhwalawa. Chidziwitso chatheka chimenecho n'chimene chinandichititsa kupeputsa mawu a namwino aja.

Pa sabata yachisanu ndinayamba kumva ngati sokosi yapindika kunsi kwa zala za kumapazi. Ndinkavula nsapato, n'kupeza sokosi ili bwinobwino. Sabata iliyonse asanaike diripi, namwino ankafunsa mafunso omwewo.

"Mayi, zala zikumveka bwanji? Dzanzi kapena kubayabaya kulipo?"

"Ayi, zili bwinobwino."

Ndinayankha choncho pa sabata yachisanu, yachisanu ndi chimodzi, yachisanu ndi chiwiri, ndi yachisanu ndi chitatu. Sikuti sindinkadziwa kuti ndikunama. Ndinkangoyang'ana pa kalendala pamene ndinkadula mzere sabata iliyonse ikatha, n'kumati kwatsala pang'ono, ndipirire. Zotsatira za magazi zinkatuluka zabwino, ndipo ndinkadzitonthoza nazo: ngati makina sakuona vuto, ndiye kuti vuto ndi laling'ono.

Dzanzi silinadikire kalendala yanga. Linachoka kuzala n'kufalikira kuphazi konse, kenako linayamba kunsonga za zala za m'manja. Mabatani a bulauzi anayamba kunditengera nthawi. Kapu inandipulumuka kawiri. Tsiku lina patapata inavuka ndikuyenda pakhonde, ndinazindikira nditayenda mapazi angapo. Usiku mapazi omwe masana sankamva kanthu ankatentha ngati ndaponda phulusa lamoto. Zonsezi sindinauze munthu, ngakhale amuna anga.

Amene anandigwira ndi mwana wanga wamkazi. Ndinali nditaviika mapazi m'madzi otentha poganiza kuti magazi ayenda bwino, ndipo mawa lake iye akundidzoza mafuta anapeza chithuza chachikulu pachidendene. Anandifunsa ngati chikuwawa. Ndinati chithuza chiti? Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Amayi, mawa mukapanda kunena inuyo, ndikanena ine."

Tsiku lolandira mankhwala a chisanu ndi chinayi tinapita limodzi. Namwino atafunsa funso lake lija, ndinayang'ana pansi n'kunena kuti pang'ono. Iye sanatsutse. Anaika kaphini patebulo n'kunena kuti nditole. Ndinayesa katatu, kankangoterereka. Anati ndimasule batani la pamkono n'kulimanganso. Ndinamasula, kumanga kunandikanika. Diripi imene inali itakonzedwa kale anaibweza, n'kukaitana adokotala.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangokhala pampando n'kufunsa, "Mayi, zinayamba liti?" Nditanena kuti patha masabata anayi, anapumira m'mwamba, n'kutenga pepala. Podziwa ntchito yanga, anandijambulira. Anajambula selo la mtsempha, thupi lake lili pafupi ndi fupa la msana, mchira wake wautali ukutsika mwendo wonse mpaka kuchala chachikulu, mtunda wokwana pafupifupi mita imodzi. Anati zonse zimene nsonga ya mtsemphawo imafuna zimapangidwa kumtunda kuno, ndipo zimayenda ulendo wonsewo pamwamba pa ma microtubule ngati sitima panjanji, zitanyamulidwa ndi mapuloteni otchedwa kinesin ndi dynein. Selo limeneli siligawikana, n'zoona, koma limadalira timapaipi tomweto tsiku lililonse. Mankhwala akatisokoneza, mitsempha yaitali kwambiri ndi imene imayamba kuvutika. N'chifukwa chake dzanzi limayambira kuzala za kumapazi, kenako za m'manja, n'kumakwera ngati munthu akuvala masokosi ndi magolovesi. Ndipo kuonongekako kumaunjikana, mlingo uliwonse ukuonjezera pa wam'mbuyo.

Kenako ananena mawu amene ndinawalemba nditangofika kunyumba. "Magazi anu timawayeza ndi makina sabata iliyonse. Koma dzanzi palibe makina athu ano amene angationetse msanga kuposa pakamwa panu. Mukatiuza kuti kulibe, ife timapereka mlingo wonse."

Anandiuza mosabisa kuti ndikanawauza pa sabata yachisanu, akanandiyang'anira mwatcheru, ndipo likamakula akanachepetsa mlingo kapena kundipumitsa sabata imodzi mitsempha isanafike poipa. Tsopano anandipumitsa masabata awiri. Ndinalandira wa chisanu ndi chinayi ndi wakhumi atauchepetsa, koma dzanzi linakwera mpaka mu akakolo, ndipo anaganiza zosiyira pomwepo. Ndinalandira maulendo 10 mwa 12. Kuchedwa kumene ndinkakuthawa kunandipezabe, ndipo ndinatayanso maulendo awiri.

Tsiku limene anandiuza kuti tasiya ndinalira kwambiri. Ndinawafunsa ngati ndadzipha ndekha. Anati kuchepetsa kapena kusiya msanga chifukwa cha mitsempha ndi chinthu chimene amachita kawirikawiri, kuti gawo lalikulu la chithandizo ndinali nditalandira kale, ndipo kuti iwo amayeza zinthu ziwiri pasikelo imodzi: kuteteza moyo ku khansa, ndi kuteteza miyendo ndi manja amene munthuyo adzakhala nawo moyo wakewo. Sindinakhutire tsiku lomwelo. Zinanditengera miyezi.

Chinanso chimene chinandithandiza kumasula masamu olakwika a m'mutu mwanga ndi kafukufuku amene ndinawerenga pambuyo pake. Mabuku ambiri amati paclitaxel amaimitsa selo pakati pa kugawikana mpaka life, pakuti ndi zimene zimaoneka mu labotale akathira mankhwala ambiri pa maselo a m'mbale. Koma mu 2014 gulu la Beth Weaver ku University of Wisconsin linayeza kuchuluka kwa mankhwalawa m'zotupa zenizeni za odwala khansa ya m'mawere, n'kupeza kuti ndi ochepa kuposa amene amaimitsa maselo m'mbale. Pa mlingo umenewo maselo ankapitiriza kugawikana, koma timizere tija tinkakokera mbali zitatu kapena zinayi m'malo mwa ziwiri, makromozomu n'kugawidwa mwachisawawa, maselo obadwawo n'kumafa. Izi sizikutanthauza kuti mlingo ulibe kanthu. Zinangondionetsa kuti nkhaniyi ndi yozama kuposa chithunzi cha pa bolodi langa, ndipo ine ndinkapanga chiganizo chachikulu chokhudza thupi langa, ndekhandekha, podalira chithunzi chimenecho.

Miyezi yotsatira inali yovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Kutentha kwa mapazi usiku kunandisowetsa tulo mpaka anandipatsa duloxetine. Anachepetsa ululu, koma dzanzi sanalichotse, ndipo adokotala anali atandiuziratu kuti zidzatero. Zikhadabo zinada, chimodzi chinatukuka n'kuchoka. Ndinagwa kamodzi pamasitepe chifukwa phazi silinandiuze pamene sitepe yathera. Kuntchito ndinabwerera mochedwa ndi teremu yathunthu, ndipo masabata oyamba choko chinkandipulumuka, zilembo zanga ana ankavutika kuwerenga. Manja anayamba kubwerera mwakale patatha miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Mapazi akuchedwa. Patha zaka ziwiri tsopano ndipo kunsi kwa zala kukadali ngati ndaponda thonje.

Ngati mukuyamba paclitaxel, docetaxel, vincristine kapena ena a mtundu umenewu, pezani kabuku. Madzulo aliwonse lembani mzere umodzi: zala zikumveka bwanji, dzanzi lafika pati, chimene chakukanikani lero ndi chiyani. Popita kuchipatala muzipereka kabukuko, chifukwa pamaso pa namwino mantha amasintha yankho, koma zolembedwa sizisintha. Musananene kuti muli bwino, yesani kumanga batani ndi kutola kandalama kachitsulo patebulo. Musanayambe n'komwe, auzeni adokotala ngati muli ndi matenda a shuga, ngati mumamwa mowa kwambiri, kapena ngati munamvapo kale dzanzi, monga limene ena amalimva akamamwa isoniazid wa TB, chifukwa mitsempha yofooka kale imagwidwa msanga. Auzeninso mankhwala onse amene mukumwa, ma ARV, a TB, ngakhale azitsamba, pakuti paclitaxel amaphwanyidwa m'chiwindi ndipo mankhwala ena amasintha liwiro la ntchito imeneyo. Zipatala zina zimaziziritsa manja ndi mapazi pa nthawi ya diripi pofuna kuchepetsa vutoli. Funsani ngati n'zoyenera kwa inu.

Dzanzi likayamba, madzi osamba muziyesa ndi chigongono, osati ndi phazi. Valani nsapato zotseka ngakhale m'nyumba. Usiku musayende mumdima, chifukwa mapazi akasiya kumva, maso ndi amene amakugwirani kuti musagwe. Ndipo musanagone yang'anani kunsi kwa mapazi, pakati pa zala, pachidendene.

Kwa makolo amene mwana wawo akulandira vincristine ndinene mwapadera, chifukwa m'chipinda cholandiriramo mankhwala ndinacheza ndi mayi wina amene kamwana kake kanayamba kupunthwapunthwa iye n'kumayesa ndi kufooka wamba. Mwana sadziwa mawu oti dzanzi. Inu ndi amene muone ngati akukhwekhwereza phazi, akulephera kugwira pensulo, akudandaula nsagwada, kapena watha masiku osachita chimbudzi, pakuti mankhwala amenewo amagwiranso mitsempha ya m'matumbo. Mukaona chimodzi mwa izi, kanenani asanalandire mlingo wotsatira.

Mwezi watha ndinapita kokaonedwa. Zoyeza zonse za khansa zinatuluka bwino. Pomaliza adokotala anandivula nsapato, anamenya kachitsulo kawo konjenjemera n'kukagunditsa pachala chachikulu cha kumanzere, ine nditatsinzina. Ndinati sindikumva kanthu. Anakagunditsa cha kumanja. Ndinadikira pang'ono kuti nditsimikize, kenako ndinati ndikumva, koma chapatali. Ulendo wapitawo mbali zonse ziwiri kunali zii. Analemba m'faelo, n'kundiuza kuti ndibwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.